Kupanga gawo la magetsi la ampulifaya ya gitala ya mavalavu

Anthu ambiri akamapanga ampulifaya ya gitala ya mavalavu amaika mtima wonse pa preamp (gawo loyamba lokulitsa mawu a gitala) ndi pa zosinthira mawu, gawo la magetsi n'kumati tiliona kumapeto. Ena amayamba agula thiransifoma yomwe yawakomera m'maso, kenako n'kumavutika kuti mavalavu agwirizane nayo. Apa ndi pomwe zinthu zimasokonekera. Mawu onse omwe sipika ikutulutsa ndi magetsi ochokera m'gawo limeneli. Gitala ntchito yake ndi kungouza mavalavu kuti atsegule pang'ono kapena kwambiri, ndipo magetsiwo akakhala osayera, mawunso amatuluka osayera. Choncho ntchitoyi imayambira ku mavalavu, n'kumabwerera m'mbuyo mpaka ku pulagi. Thiransifoma mugule masamu atatha.

Kuti manambala akhale ogwirika, titenga ampulifaya imodzi ngati chitsanzo: mavalavu awiri a EL84 otulutsa mawu mu push-pull (ogwira ntchito molandizana, ina ikukankha ina ikukoka), okhala ndi cathode bias (rezisita ya pa kathodi ndiyo imaletsa karenti yawo kupyola muyeso), ndi awiri a 12AX7, omwe ku Ulaya amatchedwa ECC83. Imeneyi imatulutsa mawati 15 mpaka 17, ndipo ndi ya banja limodzi ndi Vox AC15 komanso Marshall ya mawati 18. Mukasankha mavalavu ena manambala asintha, koma kawerengedwe ndi komweko.

Za moyo wanu poyamba

M'kati mwa ampulifaya imeneyi mukhala mavolti opitirira 300, ndipo mavalavu asanatenthe amafika cha m'ma 400. Karenti ya ma mA makumi ochepa chabe ikadutsa pamtima imapha munthu, pomwe gawo lomwe tikupangali limapereka yoposa 100 mA mosavuta. Choopsa kwambiri n'choti makapasita amasunga magetsi ngakhale mutazimitsa swichi ndi kuzula pulagi.

Musanayambe china chilichonse, pangani chotsitsira magetsi: rezisita ya 10k ya mawati 5, mawaya okutidwa bwino, ndi kilipu mbali zonse ziwiri. Nthawi iliyonse mukafuna kulowetsa dzanja m'kati, zulani pulagi, lumikizani kilipu imodzi ku chasisi (bokosi lachitsulo la ampulifaya), inayo ku mwendo wa + wa kapasita yoyamba, dikirani theka la mphindi, kenako yezani ndi mita. Mita ndiyo ikuuzeni kuti magetsi atha, osati maganizo anu. Kilipuyo isiyeni pomwepo nthawi yonse yomwe mukugwira ntchito, chifukwa kapasita yomwe yangotsitsidwa kumene imatha kubwezanso mavolti ena payokha, koma musaiwale kuichotsa musanayatse. Musagunditse miyendo ya kapasita ndi sikuludiraiva. Moto wake umawononga kapasita ndipo umatha kukuthetherani m'maso.

Poyeza ampulifaya ili yoyaka, waya wakuda wa mita muulumikize ku chasisi ndi kilipu, mugwire wofiira ndi dzanja limodzi, linalo lili m'thumba. Mita ndi mawaya ake zikhale zolembedwa kuti zimapirira mavolti 600 kapena kuposa. Ngati simunagwirepo magetsi okwera chonchi, pezani munthu wozolowera akhale pambali panu tsiku loyatsa. Ndipo musayerekeze kupanga ampulifaya yotenga magetsi apakhoma popanda thiransifoma. Nsambo za gitala zimalumikizana ndi chasisi kudzera mu chingwe, ndiye chasisi ikakhala ndi magetsi, zala zanu ndizo zoyamba kudziwa.

Gawo 1: Werengani zomwe mavalavu akufuna

Tengani datasheet (pepala la wopanga) ya valavu iliyonse, mulembe mizere iwiri papepala: wina wa volteji yokwera, yomwe amisiri amaitchula B+ kapena HT, wina wa mahita, timawaya totenthetsa valavu m'kati.

Kathodi, puleti ndi sikirini ndi tizitsulo ta m'kati mwa valavu. Datasheet ya EL84 imati mavalavu awiri mu push-pull pa mavolti 300, okhala ndi rezisita imodzi ya 130 Ω pa kathodi, amakoka 36 mA iliyonse pa puleti ndi 4 mA pa sikirini pomwe simukuimba. Mukaimba mwamphamvu, puleti imakwera kufika 46 mA ndipo sikirini 11 mA. Valavu ya 12AX7 ili ndi magawo awiri m'kati, lililonse limakoka pafupifupi 1 mA, ndiye magawo anayi tiwawerengere 5 mA. Mukaphatikiza zonse, ampulifaya ili chete ikoka 85 mA, ndipo ikamafuula ikoka pafupifupi 120 mA. Manambala awiriwa muwasunge, tibwereranso kwa iwo kangapo.

Mahita onse ndi a 6.3 V. EL84 imafuna 0.76 A, 12AX7 imafuna 0.3 A, ndiye anayiwo akwana 2.12 A. Kababu kosonyeza kuti yayaka kamawonjezera 0.15 A. Koyilo ya mahita ya 3 A pa thiransifoma ikwanira zimenezi bwino. Mukadzafuna mavalavu ena, dziwani kuti 6V6 imafuna 0.45 A, 6L6GC 0.9 A, ndipo EL34 1.5 A.

Volteji yomwe tikufuna pa kapasita yoyamba ndi pafupifupi 310. Chifukwa chake n'choti 80 mA ikadutsa mu rezisita ya 130 Ω, kathodi imakwera ndi mavolti 10, ndiye valavu imaona 300 yokha pakati pa puleti ndi kathodi. Mavolti 300 kuchulukitsa ndi 36 mA ndi mawati 10.8, pansi pa malire a EL84 omwe ndi mawati 12. Maampulifaya ena ogula amakankhira EL84 kupitirira pamenepa, ndipo mavalavu ake amatha msanga. Pa ntchito yanu yoyamba palibe chifukwa chotsanzira zimenezo.

Gawo 2: Madayodi kapena valavu yowongola magetsi

Thiransifoma imatulutsa AC, mavalavu amafuna DC, ndiye pakati pake pamafunika rectifier, chowongola magetsi. Musankhe tsopano, chifukwa thiransifoma imadalira chisankhochi.

Madayodi a 1N4007 amapirira mavolti 1000 ndi 1 A, amataya volti imodzi osakwana, safuna hita, ndipo satha msanga. A UF4007 ndi ofanana nawo, koma amatseka mwachangu, ndiye sasiya kaphokoso kothetheka komwe 1N4007 nthawi zina imasiya. Valavu yowongola magetsi ili ndi khalidwe lina. Imadya mavolti ena, ndipo mukakoka karenti yambiri imadyanso ambiri. 5Y3 ya mu Fender Champ imataya mavolti 50 kapena kuposa ndipo imalekezera pa 125 mA. EZ81 imataya cha m'ma 20 ndipo imafika 150 mA. GZ34 imataya osakwana 20 ndipo imafika 250 mA. 5Y3 ndi GZ34 zimafuna koyilo yakeyake ya 5 V, ya pafupifupi 2 A, pomwe EZ81 imakhuta ndi 6.3 V pa 1 A.

Oimba amakonda valavu chifukwa cha chomwe amachitcha sag: mukamenya nsambo mwamphamvu, B+ imagwa kwakanthawi, mawu amafewa poyambira kenako n'kufufuma. Zimenezi n'zoona, koma zimadalira kusiyana kwa karenti pakati pa kukhala chete ndi kufuula. Mu chitsanzo chathu kusiyanako ndi 35 mA basi, ndiye sag ilipo koma yochepa. Mu ampulifaya ya valavu imodzi yotulutsa mawu, yonga Champ, karenti sisintha kwenikweni, ndiye valavu yowongolayo imangotsitsa volteji. Kumene sag imamveka ndithu ndi mu maampulifaya akuluakulu a fixed bias, omwe amagwiritsa ntchito volteji ya negetivu m'malo mwa rezisita ya pa kathodi. Ine ndimalangiza madayodi pa ampulifaya yoyamba. Mukafuna kufewako, ikani rezisita ya 100 Ω mpaka 150 Ω ya mawati 10 pakati pa madayodi ndi kapasita yoyamba, ndipo mukumbukire kuti idya mavolti ena, ndiye thiransifoma ikhale yokwererapo.

Gawo 3: Thiransifoma

Volteji yolembedwa pa thiransifoma ndi ya RMS, nambala yomwe mita imasonyeza poyeza AC, koma kapasita imadzaza kufika pansonga pa funde, pomwe ndi RMS kuchulukitsa ndi 1.41. Zimatero pokhapokha palibe chokoka karenti. Mavalavu akayamba kukoka, madayodi amapereka pafupifupi 1.3 kuchulukitsa ndi AC. Ndiye 310 kugawa ndi 1.3 ikutipatsa 240 V. Ndi EZ81 nambalayo imatsika kufika 1.1 kapena 1.15, ndiye mufunika 275-0-275.

Pali njira ziwiri zolumikizira. Koyilo yokhala ndi waya wapakati, yonga 240-0-240, imafuna madayodi awiri kapena valavu imodzi. Koyilo ya mawaya awiri okha imafuna madayodi anayi olumikizidwa mwa bridge. Pa njira ya waya wapakati, dayodi iliyonse ikatseka imaona volteji ya nsonga kawiri, ndiko kuti AC kuchulukitsa ndi 2.83. Pa 300-0-300 amenewo ndi mavolti 850, ndipo magetsi apakhoma akangokwera pang'ono mwafika pamalire a 1N4007. Zikatero, ikani madayodi awiri motsatizana mbali iliyonse. Mu bridge dayodi imaona theka lake, ndiye nkhawayi palibe.

Pa karenti m'pamene ambiri amagwa. Kapasita yoyamba sikoka karenti mosalekeza. Imakoka mwa kamphindi pansonga pa funde lililonse, mwamphamvu, ndipo kukoka kotereku kumatenthetsa koyilo kuposa momwe nambala ya DC ikusonyezera. Mu bridge, DC yomwe mungatenge ndi pafupifupi 0.62 ya karenti ya AC yolembedwa pa koyilo. Ndiye 120 mA kugawa ndi 0.62 ndi 194 mA, ndipo mufunika koyilo ya 240 V pa 200 mA kapena kuposa. Mathiransifoma a waya wapakati opangidwira mavalavu kawirikawiri amalembedwa karenti ya DC kale, ndiye ya 150 mA ikwanira. Werengani bwino pepala la wopanga kuti mudziwe ngati nambala yake ndi ya AC kapena DC.

Koyilo yolandira igwirizane ndi magetsi a komwe muli, 230 V kapena 120 V. Thiransifoma yopangidwira 60 Hz yokha imatentha kwambiri pa 50 Hz, ndiye yang'anani yolembedwa 50/60 Hz. Kukula kopyola muyeso nakonso si kwabwino: thiransifoma ya 400 mA yomwe ikukokedwa 85 mA yokha imapereka volteji yokwera kuposa yomwe munawerengera.

Gawo 4: Kapasita yoyamba

Kapasita imeneyi ili ngati thanki yomwe pampu imathiramo madzi mwa apo ndi apo pomwe mpope wapansi ukutuluka mosalekeza: madzi amakwera ndi kutsika, ndipo thanki ikakula, kukwera ndi kutsikako kumachepa. Timafunde timeneti amisiri amatitcha ripple. Pa magetsi a 50 Hz kapasita imathiridwa ka 100 pa sekondi, pa 60 Hz ka 120.

Kawerengedwe kake n'kosavuta. Gawani karenti ndi zomwe mwapeza pochulukitsa kapasita ndi 100. Ndi 47 µF pa 85 mA, ndiko kuti 0.085 kugawa ndi 0.0047, mupeza mavolti 18. Mukadzayeza mupeza ochepererapo, chifukwa masamuwa amakokomeza pang'ono. Mavolti 18 akumveka ambiri, koma mu push-pull timafundeti timalowa mbali ziwiri za thiransifoma ya sipika (yolumikiza ma EL84 ndi sipika) mofanana n'kufafanizana, malinga mavalavu awiriwo akukoka karenti yofanana. N'chifukwa chake EL84 mumagula awiri oyezedwa kuti ndi ofanana. Mu ampulifaya ya valavu imodzi kufafanizanaku kulibe, ndiye musatenge magetsi a puleti pa kapasita yoyamba. Yambani mwasefa kamodzi ndi choke (koyilo ya waya pa chitsulo) kapena rezisita ndi kapasita yachiwiri.

Ndi madayodi mutha kukweza kapasita kufika 100 µF, ndipo mawu apansi amalimba. Ndi valavu yowongola magetsi pali malire omwe simuyenera kudumpha: 50 µF pa EZ81, 60 µF pa GZ34, ndi 20 µF pa 5Y3. Mukapyola, karenti ya pansonga imakula mpaka valavu imathetheka m'kati. Mu chitsanzo chathu 47 µF ikugwira njira zonse ziwiri, madayodi kapena EZ81.

Gawo 5: Kusefa kwa magawo otsatira

Kuchoka pa kapasita yoyamba, magetsi amadutsa mu rezisita, kufika pa kapasita ina, kenako rezisita ina, kapasita ina, mpaka ku valavu yoyamba ya preamp. Malo aliwonse omwe pali kapasita tiwapatse chilembo. A ndi kapasita yoyamba, ndipo imadyetsa waya wapakati wa thiransifoma ya sipika. B imadyetsa masikirini. C imadyetsa phase inverter, gawo logawa mawu pawiri kupita ku EL84 ziwirizo. D imadyetsa preamp. Dongosolo lake ndi limeneli chifukwa kaphokoso kolowa pa valavu yoyamba kamakulitsidwa ndi magawo onse otsatira, ndiye magetsi oyera kwambiri ayenera kufika kumeneko.

Pa rezisita iliyonse dzifunseni zinthu zitatu: idya mavolti angati, itentha bwanji, ndipo isefa motani. Chomwe chimaiwalika n'choti rezisita imanyamula karenti ya magawo onse omwe ali kutsogolo kwake, osati gawo lotsatira lokha.

Pakati pa A ndi B tiike 1k. Mukudutsa 8 mA ya masikirini ndi 5 mA ya preamp, zonse 13 mA, ndiye idya mavolti 13 ndipo B ikhala pa 297. Mukaimba mwamphamvu karenti ifika 27 mA, kutentha kwake mawati 0.73. Ikani ya mawati 5, chifukwa rezisita imeneyi ndiyo imazunzika valavu ikayamba kuwonongeka. Pa kusefa, kapasita ya 47 µF pa 100 Hz imakhala ngati rezisita ya 34 Ω. Ndiye timafunde timagawidwa pakati pa 1000 ndi 34, n'kuchepa pafupifupi ka 30. Mavolti 18 aja atsala 0.6.

Mukaika choke m'malo mwa 1k, zinthu zimakoma kwambiri. Choke ya 10 H pa 100 Hz imatchinga timafunde ngati rezisita ya 6.3k, pomwe kwa DC ndi ma ohm mazana awiri kapena kuchepera. Imasefa kwambiri osadya mavolti. Kuipa kwake ndi kulemera, malo omwe imatenga, ndi maginito omwe imamwaza. Pa EL84 ziwiri ine ndimaona kuti rezisita ikwanira, ndipo mavolti omwe imadya amatetezako masikirini, omwe malire awo ndi mawati 2 okha.

Pakati pa B ndi C ikani 10k ya mawati 2 ndi kapasita ya 22 µF. Karenti ya 5 mA idya mavolti 50, ndiye C ikhala cha m'ma 250, ndipo timafunde tichepa ka 140. Pakati pa C ndi D bwerezani zomwezo. Mukudutsa 2 mA yokha, D ikhala cha m'ma 230, ndipo timafunde totsala mita yanu singatione.

Makapasita a C ndi D ali ndi ntchito ina yoposa kusefa. Amaletsa magawo kulankhulana kudzera mu waya wa magetsi. Mukadyetsa magawo atatu otsatizana pa kapasita imodzi, lachitatu limagwedeza magetsi a loyamba, ndipo ampulifaya imayamba kulira phuphuphu payokha. Musapyole magawo awiri pa kapasita imodzi.

Masamu onsewa mutha kuwatsimikiza pa kompyuta ndi pulogalamu yaulere ya PSU Designer II ya Duncan Amps. Koma yambani mwawerenga pamanja, kuti pulogalamu ikakupatsani nambala yachilendo mudziwe kuti mwalowetsa china molakwika.

Gawo 6: Volteji ya makapasita ndi rezisita yotsitsa

Musasankhe volteji ya kapasita poyang'ana manambala a pamwambawa. Madayodi amayamba ntchito nthawi yomweyo mukayatsa, pomwe mavalavu amatenga masekondi khumi kapena kuposa kuti atenthe. Nthawi imeneyi palibe chokoka karenti, ndiye marezisita sadya kanthu, ndipo A, B, C ndi D onse amakwera kufika pansonga. 240 kuchulukitsa ndi 1.41 ndi 338. Onjezerani kukwera kwa thiransifoma yopanda katundu ndi kukwera kwa magetsi apakhoma, mufika pafupi ndi 400. Ndiye makapasita onse anayi akhale a 450 V, ngakhale ya D yomwe masiku onse imakhala pa 230. Pa 275-0-275 tengani a 500 V. Mukasowa okwera chonchi, lumikizani awiri motsatizana: awiri a 100 µF 350 V amapanga 50 µF 700 V, ndipo iliyonse ikhale ndi rezisita ya 220k pambali pake kuti agawane volteji mofanana.

Kenako ikani rezisita ya 220k ya mawati 2 kuchokera pa A kupita ku ground (mbali ya negetivu ya makapasita), ikhale pomwepo mpaka kalekale. Imadya 1.4 mA yokha, koma mukazimitsa imatsitsa makapasita onse m'mphindi ziwiri kapena zitatu. Imeneyi silowa m'malo mwa mita, chifukwa rezisita imatha kuduka inu osadziwa.

Gawo 7: Mahita

Mawaya a hita amanyamula AC ya ma ampeya awiri pafupi ndi malo omwe mawu a gitala akadali ofooka kwambiri. Apotaneni molimba, awiri pamodzi, muwayendetse m'ngodya ya chasisi, ndipo pokumana ndi waya wa mawu adutsane mopingasa. Yambirani ku EL84, mumalizire ku valavu yoyamba ya preamp, kuti karenti yochepa ndiyo ifike kumeneko. Pa 12AX7 lumikizani mapini 4 ndi 5 pamodzi ngati mbali imodzi, pini 9 ndiyo mbali inayo. Pa EL84 hita ili pa 4 ndi 5, ndipo waya wochoka pa pini 4 ya valavu imodzi upite pa pini 4 ya inzake, kuti phokoso lake lifafanizane. Mawaya a mitundu iwiri amathandiza pamenepa.

Koyilo ya hita isasiyidwe yoyandama. Ngati ili ndi waya wapakati, pititsani ku ground. Ngati ilibe, ikani marezisita awiri a 100 Ω, imodzi kuchokera mbali iliyonse, ndipo pokumana pawo pakhale ngati waya wapakati. Musachite zonse ziwiri. Chabwino koposa ndi kupititsa pokumanapo ku kathodi ya EL84, pini 3, pomwe pali kale mavolti 10 a DC. Hita ikakhala pamwamba pa kathodi za preamp chonchi, phokoso lodutsa kuchokera ku hita kupita ku kathodi limachepa, ndipo simunagule kanthu kena.

Mavalavu onse ali m'malo, volteji ya hita ikhale pakati pa 6.0 ndi 6.6. Ikafika 6.9, mavalavu akutha msanga. Mavolti 0.6 owonjezerawo kugawa ndi 2.2 A ndi 0.27 Ω, ndiye rezisita ya 0.27 Ω ya mawati 5 ikonza.

Ngati ampulifaya yanu ndi ya fixed bias, pafunikanso kagawo ka volteji ya negetivu. Dayodi yake imatembenuzidwa, ndipo mwendo wa + wa kapasita ndiwo umapita ku ground. Volteji imeneyi ikasowa, mavalavu amakoka karenti yosaletseka n'kupsa, ndiye isadutse pa swichi kapena fyuzi yomwe ingaidule B+ ikadalipo.

Gawo 8: Mbali ya magetsi apakhoma

Chingwe chikhale cha mawaya atatu. Waya wa earth mumange ku chasisi ndi bawuti yakeyake, yokhala ndi wochara ya mano yoluma chitsulo, pafupi ndi polowera chingwe, penti mutapala. Pa bawuti imeneyi pasamangidwe china. Wayayo musiye wautali kuposa anzake, kuti chingwe chikakokedwa ukhale womaliza kuduka. Mapulani ena akale a ku America amasonyeza chingwe cha mawaya awiri ndi kapasita yochoka pa magetsi apakhoma kupita ku chasisi. Mukaiona pa pulani yomwe mukutsatira, isiyeni, chifukwa ikawonongeka chasisi imakhala pa magetsi apakhoma.

Waya wa live uyambe wadutsa pa fyuzi, kenako swichi, kenako thiransifoma. Koyilo ya B+ ndi 48 VA, ya mahita 19 VA, ndipo pamodzi ndi zotayika tinene 75 VA. Pa 230 V imeneyo ndi 0.33 A, ndiye fyuzi ya T500mA. Pa 120 V ikani T1A. Chilembo T chikutanthauza yochedwa kupsa, kuti ipirire kukoka kwa poyatsa. Ikaninso fyuzi ina ya T315mA pakati pa koyilo ya B+ ndi bridge, kuti valavu ikawonongeka thiransifoma ipulumuke. Ikhale mbali ya AC, chifukwa mafyuzi agalasi sadula bwino DC yokwera.

Swichi ya standby, yodula B+ mahita akuyakabe, pa ampulifaya yaying'ono chonchi ndi yosafunika. Makapasita tawasankha kale opirira volteji ya poyatsa, ndipo ndi valavu yowongola magetsi, swichi yoikidwa kapasita yoyamba isanafike imachititsa valavu yotentha kale kuthira mu kapasita yopanda kanthu, zomwe zimaipweteka.

Gawo 9: Kayalidwe ndi ground

Pulani yabwino papepala imatha kulira huuu chifukwa cha malo omwe mwaika mawaya. Karenti yamphamvu ya pansonga ija imazungulira kuchoka pa koyilo, kudutsa madayodi, kulowa kapasita yoyamba, n'kubwerera ku koyilo. Njira imeneyi ikhale yaifupi, mawaya ake opotana, ndipo isadutse mu chasisi. Mbali ya negetivu ya bridge, kapena waya wapakati wa thiransifoma, ipite molunjika pa mwendo wa negetivu wa kapasita A, osati pa bawuti yapafupi. Kuchoka pa mwendo umenewu kokani waya wokhuthala wodutsa negetivu ya B, C ndi D motsatizana. Gawo lililonse libweze ground yake pa kapasita yomwe ikulidyetsa: rezisita ya kathodi ya EL84 cha pa A ndi B, preamp pa D. Waya wokhuthalawo ukhudze chasisi pamalo amodzi okha, pafupi ndi polowetsa gitala. Ndi bwinonso kuika kapasita iliyonse pafupi ndi valavu yake m'malo mowaunjika onse pakona imodzi.

Thiransifoma ya magetsi ikhale kumapeto kwina kwa chasisi, polowetsa gitala kumapeto kwinako. Zitsulo za thiransifoma ya magetsi ndi ya sipika zipingasane. Musanaboole, pali kayezedwe kosavuta: kutani mawaya onse otuluka mu thiransifoma ya magetsi, lililonse palokha, ipatseni magetsi, lumikizani mahedifoni ku thiransifoma ya sipika yomwe sinalumikizidwe kwina kulikonse, ndipo muziisuntha ndi kuitembenuza mpaka kulira kwa m'makutu kutachepetsetsa. Pamenepo lembani malo a mabawuti.

Gawo 10: Kuyatsa koyamba

Pulagi isanalowe, yezani ndi mita kuti pini ya earth ya pulagi ndi chasisi zikusonyeza pansi pa 1 Ω, ndi kuti pakati pa A ndi ground palibe shoti. Yang'anani kawiri mbali ya dayodi iliyonse ndi kapasita iliyonse. Kapasita yotembenuzidwa imaphulika.

Yatsani kudzera mu babu la mawati 60 lolumikizidwa motsatizana pa waya wa live. Likhale babu lakale la kawaya koyaka m'kati, la LED siligwira ntchitoyi. Poyamba mavalavu onse akhale kunja. Babu liwale kamphindi n'kuzilala. Likapitiriza kuwala kwambiri, pali shoti, zimitsani. Zikakhala bwino, yezani: A, B, C ndi D onse asonyeze cha m'ma 340, mahita pamwamba pang'ono pa 6.3. Ngati mwasankha EZ81, B+ ioneka mukaiika yokhayo. Zimitsani, muone volteji ikutsika pa mita, kuti mutsimikize kuti 220k ija ikugwira.

Kenako lumikizani sipika. Ampulifaya ya mavalavu isayake yopanda sipika, chifukwa thiransifoma ya sipika imatha kuthetheka m'kati. Ikani mavalavu, yatsaninso ndi babu. Manambala akhala otsika chifukwa babu likudya gawo lake. Ngati palibe utsi, fungo, kapena puleti yofiira m'kati mwa EL84, chotsani babu muyeze zenizeni. Kusiyana kwa 10 pa 100 ndi zomwe munawerengera si vuto.

Yezani volteji ya pa pini 3 ya EL84. Igaweni ndi 130 kuti mupeze karenti ya mavalavu onse awiri, gawani pawiri, chotsani 4 mA ya sikirini, ndipo muchulukitse ndi volteji ya pakati pa pini 7 ndi pini 3. Zikapyola mawati 12, sinthani rezisita ya kathodi ikhale 150 Ω.

Phokoso la huuu likakhalapo, gitala yomweyo ikuthandizani kudziwa gwero lake. Nsambo yaikulu pa fret yachitatu ndi G ya 98 Hz. Ngati phokoso likufanana ndi G imeneyi, ndi la 100 Hz, lochokera ku B+: yang'anani makapasita, malo omwe negetivu ya bridge yalumikizidwa, ndi ngati EL84 ziwirizo zikukoka mofanana. Likakhala lakuya kuposa pamenepo ndi octave yathunthu, ndi la 50 Hz, ndiye yang'anani mawaya a hita, marezisita a 100 Ω aja, ndi kuyandikana kwa mathiransifoma. Kumene magetsi ndi a 60 Hz, phokoso la B+ ndi 120 Hz, pakati pa fret yoyamba ndi yachiwiri ya nsambo yachisanu. Phokoso lomveka pa sipika mutangoyatsa, mavalavu asanatenthe n'komwe, ndi maginito a thiransifoma ya magetsi akulowa mu ya sipika, ndipo mankhwala ake ndi kuitembenuza kapena kuitalikitsa.